Sanda ya Amm Shehata ndi ufa wakuda

Mumsewu wathu waung'ono uja, kuseri kwa makoleji mumzinda wa Tanta, kuno ku dziko la mtsinje wa Nile, ukafunsa kuti wosita zovala ali kuti, anthu sakulozera ndi chala. Amangoti, "Ima pomwepo, adutsa posachedwa." Ndipo amadutsadi. Amm Shehata (kwathu kuno Amm ndi mawu aulemu kwa wachikulire, ngati kunena kuti amalume) ndi munthu woti mpando sumudziwa. Tiyi amamwa choimirira, nyemba zam'mawa amadya akuyenda, ndipo kumzikiti amakhala woyamba kulowa, woyambanso kufunafuna nsapato zake. Akasowa chochita amanyamula tebulo lake n'kuliika apo, n'kuliyang'ana, n'kulibwezeranso pomwe linali. Anthu ena anabadwa ndi phuma, abale inu, ndipo mankhwala ake palibe.

Ntchito yositayi anaiphunzira kwa bambo ake, kale simbi ili chichitsulo cholemera chotenthetsa pamoto n'kumachikankha ndi phazi. Zipsera za masiku amenewo zikadali m'manja ndi m'miyendo mwake. Lero ali ndi simbi yamagetsi, koma kabotolo kopopera madzi anakakana kwamtuwagalu. Amadzaza madzi m'masaya, n'kuwaza pansalu ndi pakamwa, fwaa, kenako simbi pompo. Chovala chilichonse chikafika kwa iye amachilemba kachizindikiro ka inki mkati mwa kolala, nyumba iliyonse ndi kake: kwa adokotala timadontho, kwa mayi wogulitsa mkaka kamzere kokhota. Kuwerenga sadziwa kwenikweni, koma chovala cha munthu sichinasocherepo m'manja mwake. Amakonda kunena kuti chovala chopanda chizindikiro sichidziwa kwawo.

Tsono onani mmene Mulungu amagawira. Munthu wotereyu anampatsa Inshirah, mkazi woti akakhala pansi kusankha mpunga, dzuwa limachita kumudikira. "Khalani pansi, Shehata, dziko silithawa," awa ndiwo anali mawu ake a tsiku ndi tsiku, mpaka msewu wonse unawaloweza. Shehata ankayankha ali kale pakhomo.

Atakalamba, ana awo anawatumiza ku Makka. Kumeneko anachita zimene achikulire ambiri a kwathu amachita. Anagula nsalu yoyera ya bafuta n'kuidula pakati, sanda ziwiri, zodzawakulungira tsiku loikidwa m'manda. Anaziviika limodzi m'madzi a Zamzam, chitsime chopatulika cha kumeneko, n'kuziyanika. Akuzipinda, Inshirah anafunsa mwanthabwala zake zija:

"Koma Shehata, tsiku lodzuka kumandalo aliyense adzakhala atavala zoyera zokhazokha. Ndidzakudziwani bwanji m'chikhamu chonsecho?"

"Udzayang'ane amene sakuima malo amodzi."

"Tsiku limenelo aliyense adzakhala akuthamanga, bambo inu. Ndidzakusowani basi."

Anaseka onse awiri, nkhani n'kuthera pomwepo.

Inshirah ndiye anatsogola, ndipo anapita ndi sanda yake ija. Monga mwa mwambo, Shehata anaika mitsuko yadothi pamthunzi, pakhomo pa sitolo yake, kuti wodutsa aliyense amwe madzi ozizira n'kumupempherera malemuyo. Amaidzaza yekha m'mawa uliwonse, ndipo tonse timangoti madzi a Inshirah. Sanda yotsalayo imakhala pamwamba pa kabati. Chaka chilichonse, mwezi umene mkazi wake anamwalira ukakwana, amaitsitsa, n'kuiyanika kuti ipitidwe mphepo, n'kuisita mosamala kuposa suti ya mkwati. Anthu akamuseka amati, "Ine wosita zovala ndikaonekere kwa Mulungu ndi makwinya? Manyazi amenewo ayi."

Khomo loyandikana ndi lake ndi la Nagat, mwana wa mnzake wakale amene ankagulitsa makope ndi zolembera. Bambo ake atamwalira, Nagat anaika makina a fotokope m'sitolomo. Ndi mayi wa ana ake tsopano, pakamwa pake mpakuthwa, koma kwa Shehata akadali kamwana kaja kankagona pansi pa tebulo lake lositira. Makina akewo samwa inki yamadzi. Amadya ufa wakuda wotchedwa tona, wosalala kuposa ufa wa buledi, umene umasungunuka ukatenthedwa n'kumatirira papepala.

Tsiku la nkhani yathuyi inali nyengo ya mayeso, dzuwa likuswa mtengo. Ana a ku koleji anali piringupiringu pakhomo pa Nagat, aliyense akufuna mapepala ake pompano. Sanda ya Shehata inali pachingwe pakati pa makomo awiriwo, ili mbee, ndipo chifani chake chachikulu chinali pakhomo chikupemerera kunja. Pakati pa chipwirikiticho tona anatha m'makina. Nagat anatuluka ndi kabokosi ka m'makinamo ndi botolo la ufa, nayala manyuzipepala pansi kuti athirire panja. Koma chivindikiro cha botolo chinakana kutseguka.

Shehata anaona. Kalanga ine, bwenzi akanapanda kuona!

"Bweretsa kuno, mwana wanga. Timanja takoto n'towerengera mapepala."

"Ayi, Amm Shehata, kasiteni zanu. Ili limafuna pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'ono wa chiyani? Ine ndinkanyamula simbi yolemera kuposa iweyo, usanabadwe n'komwe."

Nagat asanayankhe, botolo linali kale m'manja mwa mkuluyo. Analifinya pamimba ndi dzanja limodzi, n'kupotokola chivindikiro ndi linalo, mphamvu zonse ngati akupha nkhuku. Chinangomveka kuti phu! Chiutsi chakuda chinangoti koboo, ndipo fani ija inachilandira n'kuchiponyera pomwe inu mukuganizapo. Sanda yoyera ija inada bii kuyambira pakati mpaka kumunsi.

Shehata sanaganize za botolo, kapena za Nagat, kapena za nkhope yake imene inali ngati ya wootcha makala. Anangoona mnzake wa nsalu imene Inshirah anagona nayo atada chonchi, ndipo womudetsayo ndi iye mwini. Mtima unamupweteka ngati tsiku la maliro lija.

Koma manja ake sadikira mutu. Anathamangira pachingwe, nagwira pakona pa nsaluyo n'kutsindika ndi chala chachikulu, chotentha ndi simbi, chathukuta, kuti aone ngati zingachoke. Kenako anatola kapu yake, nadzaza madzi m'masaya, maso ali kale pa simbi. Kutsidya kwa msewu nako kunali kukubwera Metwalli wometa tsitsi, amene vuto lililonse la mumsewu muno, kaya ndi fumbi, kaya ndi amphaka akumenyana, amalithetsa ndi ndowa ya madzi.

"Imani! Nonse imani!" Nagat anakuwa mpaka ana a sukulu anabwerera m'mbuyo. "Amm Metwalli, ikani ndowayo pansi! Madzi a kumpopi nthawi ino achoka m'thanki ya padenga, ndi otentha ngati a tiyi. Inu Amm Shehata, mezani! Mezani madziwo!"

Shehata anameza, natsamwa, nayamba kutsokomola.

Nagat anazimitsa fani, nauza ana a sukulu kuti apite akayang'ane fotokope kwina. Anavala masiki, n'kumanga mpango pamphuno ndi pakamwa pa mkuluyo ngati akuveka mwana.

"Ufa uwu m'chifuwa si wabwino. Tsono mvetserani. Panopa wangokhala pamwamba pa nsalu, sunalowe. Mukaupaka ulowa. Mukautenthetsa, kaya ndi madzi, kaya ndi simbi yanuyo, ndiye kwatha, akwatirana ndi nsaluyo mpaka kalekale."

"Ndiye ine nditani?"

"Inu palibe choti muchite. Manja kumbuyo."

"Mwana iwe, nsaluyi ndi yanga! Ndi ya ine ndi..."

"Ndikudziwa kuti ndi ya ndani, Amm Shehata. N'chifukwa chake ndikuti manja kumbuyo."

Metwalli anapukusa mutu. "Kuuza Shehata kuti aime n'chimodzimodzi kuuza mtsinje wa Nile kuti ubwerere ku Aswan komwe wachokera. Bwanji ndibweretse choumitsira tsitsi changa tingouuluza?"

"Cha mpweya wotentha chija? Amm Metwalli, chonde, m'malo mwa nzeru tipatseni manja. Gwirani apa."

Awiriwo anatsitsa nsaluyo pachingwe ataigwira m'makona, pang'onopang'ono ngati anyamula thireyi ya mazira. Anapita nayo kumapeto kwa kanjira kumene mphepo siwomba, naiyang'anitsa mbali yakudayo pansi, pamwamba pa manyuzipepala onyowa. Nagat ankagogoda kumbuyo kwake ndi rula, mopepuka, ufa n'kumagwa wokha. Atatha apo anatenga selotepi, n'kumaika, n'kumanyamula, osakoka, osapaka. Kenako anabwerera pakhomo paja, nawola ufa wapansi ndi kachikatoni, osati tsache, nauthira m'jumbo n'kumanga. Potsala anapukuta ndi nsanza yonyowa.

Nanga Shehata? Ha! Munthu sanazunzikepo chotero. Manja analidi kumbuyo, limodzi litagwira linzake ngati wakuba wogwidwa pamsika, koma miyendo inali jijirijijiri. Ankafika pa Nagat, n'kusuzumira, n'kubwerera, n'kukafika pa wogulitsa madzi a nzimbe, n'kubweranso.

"Apo, mwana wanga, wasiya apo."

"Ndaona."

"Ukanangokutumula kamodzi kokha mwamphamvu..."

"Kuthamanga sikufika, Amm Shehata. Amene anakutumula botolo ndi ndani?"

Shehata anabwereranso kwa wogulitsa madzi a nzimbe uja.

Dzuwa litapendeka, nsaluyo sinalinso yakuda, koma sinali yoyera. Inali yotuwa ngati phulusa. Nagat anavula masiki, napukuta thukuta.

"Pouma tafika pamapeto. Chatsala n'kuichapa ndi madzi ozizira, ozizira enieni."

"Kuichapa?" Shehata anabwerera m'mbuyo. "Ayi. Imeneyo sichapidwa. Muli Zamzam mmenemo."

"Ndiye ikhala yotuwa chonchi."

"Ya Inshirah ili ndi Zamzam, yanga ikhale ndi madzi a m'mapaipi a Tanta? Ayi!"

Metwalli anayesa kuthandiza. "Mlamu wanga wabwera kumene kuchokera ku Makka, ali ndi chigubu chathunthu. Tichape, kenako tiwazeko. Zamzam ndi Zamzam, Shehata."

"Si omwe aja!" Shehata anakalipa, maso ali psuu. "Aja tinaviika limodzi m'beseni limodzi. Manja ake anali momwemo, ukumva? Ukachapa, wachotsa manja ake."



Apa ndiye mkulu uja anayendadi. Anakafika pakhomo pa mzikiti, osalowa, n'kubwerera. Analowa m'sitolo mwake, nanyamula malaya a adokotala, n'kuwaikanso. Kuisiya yotuwa sakanatha: akapite bwanji m'manda ndi nsalu yonga chopukutira makina, mkazi wake ali mbee? Kuichapanso sakanatha. Mtima unali m'mwamba, kukhosi kuli gwa ndi ufa uja. Anafika pamitsuko pakhomo pake, natunga ndi kapu yachitsulo yomangirira pamenepo, namwa. Madziwo anazizira mpaka m'mano. Ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, mwinanso mwezi umenewo, Shehata anaima malo amodzi, kapu ili m'manja, akuyang'ana mitsukoyo.

Ananyamula mtsuko umodzi, naukumbatira pachifuwa, napita nawo kwa Nagat.

"Mwana wanga, awa azizira mokwanira?"

Nagat anapisamo chala. Anayang'ana mtsukowo, nayang'ana mkuluyo.

"Akwanira, Amm Shehata."

Anachapira m'beseni lalikulu la Shehata. Nagat anamulola kuthira yekha, koma atamugwira pamkono kuti asakhuthule. Madzi ankawathira kuchokera kumbuyo kwa nsalu kuti ufa utuluke mmene unalowera, ndi kasopo pang'ono, osafikisa, osapotokola. Akada, ankataya n'kuthira ena. Mitsuko yonse inatha, ndipo odutsa madzulo amenewo anaipeza ili youma, koma atamva chifukwa chake palibe anadandaula. Nsaluyo anaiyanika mkati, pamthunzi, chifukwa dzuwa la nyengo imeneyo nalonso ndi simbi. Nagat potseka sitolo yake anatenga chingwe cha simbi ya Shehata n'kuchiika m'chikwama mwake.

"Mundiona mawa," anatero. "Ndikukudziwani ine."

M'mawa mwake Nagat anamupeza akuzungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira. Anatambasula nsaluyo patebulo, naiyang'ana powala mbali zonse. Inali mbee, ngati tsiku loigula. Malo amodzi okha, pakona paja anatsindika ndi chala, panatsala chidindo chotuwa cha chala chachikulu.

"Mwaona? Apa ndi pomwe munagwira inuyo. Kwina konse sitani, koma pakona apa musafikitsepo simbi. Ndikagule sipiriti ku famase tiyese, mwina pachoka." Anamubwezera chingwe chija, nanyamuka.

Shehata anadzaza masaya, fwaa, simbi pompo. Anayambira kumtunda, kutsika nayo bwinobwino, nsalu ikununkhira kutentha, makwinya akuthawa. Atafika pakona paja anaimika simbi, nawerama kuti aone bwino. Chidindocho chinali chake ndithu. Pakati pake panadutsa kamzere koyera, chipsera cha simbi ya bambo ake, chimene Inshirah ankachipaka mafuta nyengo yozizira chikayamba kung'aluka. Anayang'ana chala chake, nayang'ananso nsaluyo. Anamva mawu aja ngati akunenedwa pakhomo pomwepo: aliyense adzakhala akuthamanga, bambo inu, ndidzakusowani basi.

Ananyamula simbi, naikhazika pakona paja, natsamirapo ndi thupi lonse. Sanafulumire.

Nagat analowa ndi kabotolo m'manja, nangoti kakasi.

"Amm Shehata! Mwatani? Ndakuuzani chiyani ine? Ntchito yonse ya dzulo ija! Tsopano sipadzachokanso!"

"Ndi zomwe ndimafuna."

Anachotsa simbi. Chidindocho chinali chitakhazikika, chaching'ono ngati kachizindikiro ka mkati mwa kolala.

"Zovala za msewu wonse uno ndazilemba kuti zisasochere, mwana wanga. Iyi yokha inalibe chizindikiro. Inshirah anandiuza kuti adzandisowa m'chikhamu." Anakweza chala chachikulu chija. "Ichi akuchidziwa."

Nagat anaika kabotolo patebulo. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wake, nakoka mpando umene umangokhalira fumbi pakona.

"Khalani pansi, Amm Shehata. Dziko silithawa."

Anakhaladi. Anapinda sandayo pamiyendo pake, kona yachidindo ili pamwamba, naisisita ndi chikhatho. Metwalli anasuzumira pakhomo, naona Shehata ali pampando, n'kubwerera monyang'ama kukauza anthu. Koma asanawoloke msewu, mkuluyo anakumbuka kuti mitsuko ya Inshirah yagona youma ndipo dzuwa layamba kale kutentha. Anadzuka, natola ndowa, nathamangira kumpopi madzi a m'thanki asanafunde.